Mukufuna kumaliza ngongole msanga? Werengerani kaye za Febuluwale

Ngati ndinu mmodzi wa alimi omwe sapeza tulo akakhala ndi ndalama ya mwini, nkhani ino ndi yanu. Sitikunena za aja amakongola kenako n'kusowa m'mudzi mpaka nkhani itazizira, ayi. Tikunena za inu amene mudakongola ku SACCO kuti mukhome malata, inu amene mudagula poloti pa Mponela kapena pa Boma la Ntchisi ndi ndalama ya kubanki, ndipo mukangopeza kangachepe mumathamanga kukaonjezera pamwamba pa zomwe mudagwirizana, kuti goli lichoke msanga pakhosi.

Mtima umenewo ndi wabwino ndipo sitikufuna kuufooketsa. Koma mlimi wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi salandira ndalama ngati munthu wa pantchito ya pamwezi. Yake imabwera pakamodzi, kuyambira cha mu Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, kudzafika Julayi kapena Ogasiti pomwe soya ndi mtedza zimakhala zatha m'nyumba. Kuchokera apo n'kutulutsa kokhakokha. Ndipo zinthu zitatu zomwe zimadya ndalama kwambiri, ntchito ya kumunda, zisangalalo za kumapeto a chaka ndi matenda a m'dzinja, zimafika pamodzi m'miyezi inayi yomweyo, Disembala mpaka Malichi.

Ndalama yomwe mwaonjezera kwa wokongoza siibwereranso m'manja mwanu. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku mu Febuluwale, simungakagogode kubanki kuti akubwezereniko ija mudapereka mwaufulu mu Novembala. Mudzapita kwa wa katapila. Choncho funso loti mudzifunse musanaonjezere si lakuti "kodi ndili nayo lero?" koma lakuti "kodi ndikapereka, banja langa lifika mu Epulo osakongolanso kwina?"

Ngongole yanu ndi yamtundu wanji?

M'mizinda muli ngongole ya nyumba yobweza kwa zaka zambiri, nyumba yomweyo ili chikole. Banki ya NBS idayambira pa ntchito imeneyi mu 1964, pomwe inkatchedwa New Building Society. Kumudzi kuno zotere n'zosowa, chifukwa nyumba zambiri zili pamalo a makolo omwe alibe mapepala oti banki n'kulandira. Nyumba ya mlimi imamangidwa chidutswachidutswa: kuumba ndi kuotcha njerwa chaka chino, malata chaka chamawa, simenti ya pansi fodya akadzayenda bwino. Chidutswa chilichonse chimabwera ndi kangongole kake, kena ka ku SACCO, kena ka ku banki m'khonde, kena ka kubungwe lobwereketsa ndalama, kuphatikizapo thumba la boma lija lidapatsidwa dzina loti NEEF mu 2020. Pamwamba pa izi pali ngongole ya zipangizo za fodya wa kontirakiti. Mabanja ambiri ali ndi ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri ya bambo ndi ina, ya mayi ndi ina.

Musanapereke tambala yoonjezera, tulutsani pepala la mgwirizano muone mmene chiwongoladzanja chikuwerengedwera, poti njira zake zilipo ziwiri.

Yoyamba amawerengera pa ndalama yonse yomwe mudatenga tsiku loyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Tiyerekeze kuti mwakongola K1 miliyoni kwa miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha K4 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndiye kuti K40,000 mwezi ulionse, yonse pamodzi K480,000, ndipo nambala imeneyi amakhala ataiphatikiza kale musanatuluke mu ofesi. Pangongole yotere, ngati mgwirizano sunena kuti wobweza msanga amuchotsera kanthu, mudzalipira K1,480,000 yomweyo kaya mwamaliza mwezi wachisanu ndi chitatu kaya wa 12. Mwathamanga, koma amene wapindula ndi wokongozayo, yemwe walandira ndalama yake msanga n'kuikongozanso kwa wina.

Njira yachiwiri amawerengera pa ndalama yokhayo yomwe yatsala. Mabanki ndi ma SACCO ambiri amatsata imeneyi. Apa ndiye kuonjezera kuli ndi phindu lenileni, chifukwa kwacha iliyonse yomwe mwachotsa pa ngongole imasiya kubereka chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwelo. Komabe funsani zinthu ziwiri: ngati pali chindapusa cha wobweza nthawi isanakwane, komanso ngati ndalama yoonjezerayo akuichotsadi pa ngongole yeniyeni, kapena akungoisunga ngati malipiro a mwezi wamawa. Obwereketsa ena amachita zachiwirizi mukapanda kuwauza.

Tsopano tiwerengere limodzi. Pangongole ya mtundu wachiwiriwu, pa K4 yomwe ija, mwaonjezera K200,000 kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Mwapulumutsa K8,000 pamwezi, yonse pamodzi cha m'ma K50,000. Si ndalama yochepa. Koma mu Febuluwale mayi agonekedwa m'chipatala, chimanga chatha, udzu wakwera m'munda, ndipo K200,000 yomweyo ikufunika. Mukaitenga ku banki m'khonde komwe magulu ambiri amaika K20 pa K100 iliyonse pamwezi, n'kuibweza patatha miyezi itatu mutagulitsa soya, chiwongoladzanja chokha ndi K120,000. Mukaitenga kwa wa katapila woika theka pamwamba, K100,000 yapita m'mwezi umodzi. Mwapulumutsa K50,000 n'kutaya kuwirikiza kawiri, ndipo nyumba ija mumaiteteza ndi yomwe wa katapila ayambe kuiyang'ana malata ake.

Apa paoneka kale dongosolo loyenera. Ngati muli ndi ngongole zingapo, yoyamba kuithamangitsa ndi yomwe ikubereka kwambiri, osati yomwe ili yaikulu kapena yomwe ikukusowetsani mtendere. Bambo yemwe akuonjezera kubanki pa K4 pomwe mkazi wake akulipira K20 ku gulu la amayi, akutunga madzi ndi chidebe chobooka. Vuto n'lakuti m'mabanja ambiri bamboyo sadziwa n'komwe kuti ngongole ya mayi ilipo, poti idatengedwa mwakachetechete kuti pakhomo pasagonedwe ndi njala pomwe ndalama ya fodya inkapita ku malata.

Pali chinanso chomwe alimi a kale sankachiganizira kwambiri, kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya feteleza, mbewu ndi malata idatsatira. Ngati ngongole yanu ili m'makwacha ndipo chiwongoladzanja chake sichisintha, nthawi zina kugula feteleza mu Juni ndalama ikadali m'manja kumakupindulitsani kuposa kuonjezera pa ngongole, chifukwa thumba lomwelo mu Disembala mudzalipeza litakwera. Ngongole zambiri za kubanki n'zosiyana, chiwongoladzanja chake chimayenda ndi chomwe Reserve Bank yakhazikitsa. Banki yaikuluyi itakweza chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, okongola ambiri adaona malipiro awo a pamwezi akukwera. Inu a fodya wa kontirakiti funsani ngati zipangizo adakulemberani m'makwacha kapena m'madola. Ngongole imeneyi simuvutika n'kuithamangira, amadula okha pamsika musanaone ndalama. Choti musamale n'kuwerengera ndalama ya fodya yemwe akadali m'munda. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Matenda sadikira kuti mumalize

Mvula ikakhazikika, malungo nawo amakhazikika. Kuyezetsa magazi ndi mankhwala a LA n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo m'midzi yambiri yakutali alangizi a zaumoyo amathandiza ana osapitirira zaka zisanu pafupi. Ndiye wina angafunse kuti ndalama ikupita kuti. Ikupita pa njinga yamoto ya kabaza yotsika mapiri a kwa Nthondo kapena kwa Kasakula usiku, msewu uli matope okhaokha, pamtengo womwe woyendetsayo wanena. Ikupita pa chakudya cha wodwazika, pa sopo, pa mankhwala ogula pomwe a kuchipatala atha. Ngati chipatala chapafupi ndi cha mishoni monga cha Madisi kapena Mtengowanthenga, pali zina zolipira, ngakhale boma limapangana ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe ulere. Funsiranitu lero zomwe zili zaulere pachipatala cha kwanuko, osadikira tsiku la vuto.

Koma ndalama yaikulu yomwe matenda amadya siioneka pa lisiti. Munthu mmodzi akagonekedwa, awiri achoka kumunda, wodwala ndi womudwazika, ndipo wodwazikayo nthawi zambiri amakhala mayi, yemwe ndiye msana wa kupalira. Chimanga chikakhala m'tchire masabata atatu oyamba sichidzabwereranso mwakale ngakhale muchithire feteleza wochuluka bwanji. Banja lomwe lili ndi ndalama ya aganyu limadutsa sabata imeneyo munda uli woyera. Lomwe lidapereka zonse kungongole limadzakolola udzu, ndipo ngongole ya chaka chamawa imayambira pomwepo.

Munthu wopanda ndalama ya ulendo amachedwanso kupita kuchipatala. Amayamba wagula panado pagolosale, n'kumati tione mawa. Malungo a mwana sapereka mawa ambiri. Mwana akatentha thupi apite kukayezedwa tsiku lomwelo, ndipo LA akaperekedwa amalize masiku onse atatu, m'mawa ndi madzulo, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri. Kusungako mapiritsi kuti adzathandize wina si kusamala ndalama. Ntchisi lidali limodzi mwa maboma 11 omwe katemera wa malungo adayambira mu 2019. Katemerayu amayamba mwana ali ndi miyezi isanu ndipo amabayidwa kanayi, koma salowa m'malo mwa neti. Neti ikhale pa mphasa yogonera, isapite kukatchinga nazale kapena anapiye.

Za madzi akumwa sitichulukitsa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuthira kolorini kapena kuwiritsa madzi n'kotchipa kuposa tsiku limodzi la kuchipatala.

Inu othyola fodya, dziwani kuti tsamba lonyowa ndi mame kapena mvula limalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amamva nseru, chizungulire, mutu ndi kufooka, ena mpaka kusanza, ndipo ambiri amangoti ndi malungo. Valani malaya a manja aatali kapena pulasitiki, sinthani zovala zikanyowa, sambani mukaweruka, ndipo ana asayandikire ntchito imeneyi. Omwe mumalandira mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, tsiku la kuchipatala lisaphonyedwe chifukwa cha kubandira kapena kusowa kwa ndalama ya ulendo. Ndalama ya maulendo amenewa mukuidziwa kale, ipatuleni isanalowe kwina.

Nanga musunge zingati? Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense, koma mutha kuipeza nokha. Funsani wa kabaza mtengo wopita kuchipatala chachikulu usiku ndi kubwerera, muwirikize kawiri. Onjezerani chakudya cha wodwazika cha sabata imodzi, ndi mtengo wopalitsa munda wanu wa chimanga kamodzi. Imeneyo ndiyo ndalama yomwe siyenera kupita kungongole, ku Khirisimasi, ngakhale kwa mlamu wobwera ndi nkhani yomvetsa chisoni. Musaisunge pansi pa pilo, poti ndalama yooneka ndi maso imapeza ntchito yokha. Ena amaisunga pa Mpamba kapena Airtel Money pa nambala yomwe sayenda nayo tsiku ndi tsiku. Ena amaisunga m'khola, mbuzi ziwiri ndi nkhuku zingapo. Khola ndi banki yabwino pokhapokha ziweto zili zotetezedwa: katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, ndi wotsika mtengo ndipo alangizi a ziweto amadziwa kopezeka. Yemwe chuma chake chonse chili mu nkhumba akumbukire kuti chigodola chilibe katemera, chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa.

Chimanga chodya nacho chiwerengeni chimodzimodzi. Ngati thumba la makilogalamu 50 limatha masabata awiri pakhomo panu, kuchokera Juni mpaka kumapeto a Malichi mukufunika matumba osachepera 20. Kugulitsako matumba amenewa mu Meyi kwa mavenda kuti muonjezere pangongole n'kudzikongoza nokha, chifukwa mudzawagulanso mu Febuluwale pamtengo wokwera. Omwe adachita izi chaka cha El Niño, pomwe mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, sanaiwale.

Thupi ndi mutu nazo zimatopa

Ulimi wa m'mapiri ndi wolemetsa pawokha. Mizere iyenera kutsata akalozera, vetiva afunika kusamalidwa, mvula yamphamvu ikagumula mizere muyenera kubwereza, ndipo thumba lililonse la feteleza limakwera phiri pamutu kapena panjinga. Mu Januwale zonse zimaunjikana: kupalira kwachiwiri, kubandira, kuyendera chimanga kuopa ntchemberezandonda, kuthena fodya, kukonza zigafa, kenako kuthyola ndi kusoka mpaka usiku. Banja lomwe lilibe ndalama ya ganyu limagwira zonsezi lokha. Ufa ukatha limakagwira ganyu m'munda wa wina m'mawa, nthawi yomwe thupi lili ndi mphamvu, n'kufika m'munda mwake dzuwa litapendeka. Mlimi yemwe ankafuna kukhala mfulu msanga wasanduka waganyu wa mnzake.

Aphunzitsi, alangizi ndi ena a pantchito omwe mumalima chapadera, nanu mulimo. Ngongole yanu amadula pa malipiro musanawagwire, ndipo mukapempha kuti azidula yochuluka kuti ithe msanga, yotsalayo siifika pa 15. Munthu woyima kutsogolo kwa ana ochuluka m'kalasi, m'mutu muli feteleza yemwe sanagulidwe, sagwira bwino ntchito ya kusukulu ngakhale ya kumunda.

Nkhawa ya ngongole ili ndi zizindikiro zake ndipo a pabanja ndi omwe amayamba kuziona. Munthu amadzuka pakati pa usiku n'kumawerengera, chakudya sichilowa, amapsa mtima ndi zazing'ono, amasiya kupita kutchalitchi kapena pabwalo la bawo, kapena amayamba kuchedwa kumowa pomwe kale sankatero. Apolisi akamapereka malipoti a anthu odzipha m'dziko muno, ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo ambiri mwa omwalirawo amakhala abambo. Ife amuna tidaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, koma chiphunzitso chimenecho chaika anthu ambiri m'manda chifukwa cha ndalama yomwe ikadakambidwa n'kutha. Mukaona mnzanu akulankhula zoti bola kungofa, kapena wayamba kugawa katundu wake mosadziwika bwino, musaseke ndipo musamusiye yekha. Mufunseni mwachindunji, chotsani mankhwala a mbewu pomwe angawafikire, ndipo mumuperekeze kuchipatala cha boma komwe kuli anamwino oona za matenda a maganizo. A St John of God ali ndi chipatala ku Lilongwe, ndipo kulinso Chipatala cha pa Foni. Mankhwala ophera tizilombo azikhala otsekeredwa nthawi zonse, kaya pakhomo pali vuto kaya palibe.

Chothandiza china n'chosalira ndalama. Khalani pansi awirinu, bambo ndi mayi, ana atagona, mulembe pa kope limodzi ngongole zonse za pakhomopo, za aliyense, ndi masiku ake obwezera. Nkhani imeneyi siikoma poyamba, pena pamatuluka zomwe wina samazidziwa. Koma nambala yolembedwa siopsa ngati nambala yozungulira m'mutu usiku, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Khirisimasi ndi feteleza wobereketsa

Kalendala ya ulimi idachita ngati mwadala. Mukadzala kumayambiriro a Disembala, masiku 21 othirira feteleza wobereketsa amakwana sabata ya Khirisimasi yomweyo. Ndi nthawi yomweyonso magulu ambiri a banki m'khonde amaswa bokosi n'kugawana masheya a chaka chonse. Ndalama imafika m'manja pomwe pa Madisi, pa Malomo ndi pa Mponela mashopu adzaza ndi zovala za ana, mpunga ndi zakumwa, pomwenso Urea akudikira kugulidwa. Patangopita masabata awiri sukulu zimatsegulira, ndipo pamafunika yunifolomu, makope ndi za ana a kugonera.

Alangizi ena angakuuzeni kuti Khirisimasi ingoiwalani. Ife sitikugwirizana nazo. Mwana yemwe wadya nsima ya nkhwani chaka chonse, akuona anzake atavala zatsopano, sangamvetse za chiwongoladzanja. Ndipo taona kuti pakhomo pomwe pafinyidwa kwambiri ndi pomwe pamaphulika: bambo yemwe wadzimana miyezi 11 ndi amene amasowa masiku atatu pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano n'kubwera m'thumba muli mbee. Bola kugwirizana nambala poyera, kuti chaka chino chisangalalo chidya zakutizakuti, n'kuipatula ndalamayo payokha. Mpunga, tambala wa m'khola lanu lomwe, chovala chimodzi cha mwana aliyense, chopereka cha kutchalitchi. Ikatha yatha.

Dongosolo lake likhale lotere pa ndalama ya Disembala: malipiro a ngongole omwe mudagwirizana, feteleza wobereketsa, za kusukulu, thumba la matenda lija, kenako chisangalalo. Kuonjezera pangongole kubwere kumapeto ngati pali chotsala, ndipo zaka zambiri sipakhala chotsala. Zimenezo si kulephera. Thumba la Urea lothiridwa pa nthawi yake limabweza zambiri kuposa chiwongoladzanja chomwe mukadapulumutsa ndi ndalama yomweyo.

Ngati muli ndi mbuzi kapena nkhuku zoti mugulitse, ino ndiyo nthawi yake, poti ofuna ndiwo za chikondwerero ndi ambiri ndipo mtengo umakhala wabwino. Mu Febuluwale aliyense amakhala akugulitsa ndipo ogula amatchula okha mtengo. Chomwe simuyenera kugulitsa ndi feteleza wa kontirakiti. Mavenda amayendayenda m'midzi masiku ano ndi ndalama m'manja, akudziwa kuti anthu ali pa mpanipani. Thumba logulitsidwa motchipa lero mudzalilipira pamtengo wake wonse pamsika, ndi fodya wopepuka yemwe sanadye mokwanira.

Achibale a m'tauni omwe amabwera kudzadya Khirisimasi kumudzi auzeni zoona. Ambiri amaona malata atsopano n'kuganiza kuti zinthu zili bwino. Palibe chamanyazi kuuza mchimwene wanu kuti akamabwera atenge mpunga ndi mafuta ophikira.

Ngati mwapereka kale zonse

Mwina mukuwerenga izi mutaonjezera kale, ndipo m'nyumba mulibe kanthu. Choyamba, siyani kuonjezera kuyambira mwezi uno mpaka mutakolola. Chachiwiri, malipiro omwe mudagwirizana musawadumphe mwakachetechete. Kuonjezera n'kufuna kwanu, koma malipiro a pamwezi ndi lonjezo, ndipo kulephera kumabweretsa chindapusa. Masiku ano mabanki ndi mabungwe obwereketsa amatumiza mbiri ya okongola ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, malinga ndi lamulo la 2010, choncho dzina likada pamalo amodzi limada ponse.

Mukaona kuti mwezi wamawa simukwanitsa, pitani ku ofesi tsiku lisanafike, mutanyamula malisiti onse. Munthu yemwe wakhala akupereka mopitirira ali ndi poyambira pabwino. Funsani ngati zomwe mudaonjezera zingawerengedwe ngati malipiro a miyezi ikubwerayi, kapena ngati angakutalikitsireni nthawi kuti malipiro achepe mpaka Meyi. Chomwe mwagwirizana chilembedwe ndipo mutenge pepala lanu. Ngati ngongole ndi ya pagulu, uzani anzanu msanga, chifukwa mukalephera ndi mbuzi zawo zomwe zidzagwidwe.

Achikulire akukumbuka makalabu a alimi a nthawi ya SACA, pomwe pafupifupi aliyense ankabweza ngongole ya feteleza. Chilala cha 1992 ndi mphepo ya ndale za matipate zitafika, anthu ambiri adasiya kubweza, dongosolo lonse lidagwa, ndipo mu 1994 m'malo mwake mudabwera Malawi Rural Finance Company ndi chiwongoladzanja chokwera. Omwe adavutika kwambiri adali alimi okhulupirika omwe adasowa kokongola. Choncho akabwera wina kudzakuuzani kuti ngongole ya boma siibwezedwa, musamumvere.

Nthawi yabwino yoonjezera ndi Juni ndi Julayi. Apo fodya wagulitsidwa ndipo kampani yadula zake, soya wapita, chimanga chodya chathiridwa mankhwala kapena chili m'matumba osalowa mpweya, feteleza wa chaka chamawa mwagula kapena ndalama yake mwaipatula, ndipo thumba la matenda ladzaza. Chotsala pamenepo kaperekeni chonse pakamodzi ku ngongole yomwe ikubereka kwambiri. Musanachoke pa kauntala, pemphani kalaliki akulembereni pa lisiti ndalama yomwe yatsala ndi tsiku latsopano lomalizira, ndipo lisitilo mukalisunge m'kope lija mudalembamo awirinu.